Mwana wakwanitsa chaka ndi miyezi iwiri, kodi mpando wake wa m'galimoto tiutembenuze?

Make Tadala:
Mwaswera bwanji makolo anzanga. Ndithandizeni nzeru. Tadala wakwanitsa chaka ndi miyezi iwiri. M'galimoto amakhala pa mpando wake umene anatitumizira amalume ake a ku Joni, ndipo mpaka pano ukuyang'anabe kumbuyo. Tsono mapazi ake ayamba kugunda chotsamira cha mpando wa galimoto, amakhala atapinda maondo. Apongozi anga atabwera kuchokera ku Malindi anadandaula kwambiri, akuti tikumuwonongera miyendo mwana, adzakhala wa matewe. Bambo ake nawonso akuti tiutembenuze basi aziona kumene tikupita. Kumapeto kwa mwezi uno tili ndi ulendo wa ku Blantyre. Kodi nthawi yotembenuza yakwana?

Che Jafali:
Tembenuzani mayi, musavutike mtima. Mwana akayamba kuyenda yekha ndiye kuti wakhwima. Wanga ndinatembenuza atangokwanitsa chaka, kulira kwa m'galimoto kunathera pomwepo. Mwana amafuna aziona anthu, osati chotsamira.

Nasibeko:
Make Tadala, musanagwire chilichonse tiuzeni kaye izi. Kusikelo komaliza anamupeza ndi makilogalamu angati, ndipo msinkhu analemba bwanji m'buku? Komanso yang'anani m'mbali kapena pansi pa mpandowo, pali sitika. Tiwerengereni zimene zalembedwapo.

Make Tadala:
Buku lili pano anti. Analemba 9.8 kg ndi 77 cm. Sitika ndaipeza kumbuyo kwake, ya mtundu wa olenji. Palembedwa ECE R44/04, ndi chilembo E m'kati mwa kabwalo. Pambali pali zithunzi ziwiri. Cha mwana woyang'ana kumbuyo alembapo 0-13 kg, cha woyang'ana kutsogolo 9-18 kg. Ndiye poti wadutsa 9, si ndiye kuti zatheka?

Nasibeko:
Ayi mwanawe, nambala ziwirizi ndi zimene zimasokoneza makolo ambiri. 9 uja akunena kuti pansi pa pamenepo n'koletsedwa kotheratu kumuyang'anitsa kutsogolo. Sakunena kuti akangofika 9 muzitembenuza. Nambala yoti inu muziyang'ana ndi 13. Mpandowo unayesedwa kuti ungathe kumugwira mwana akuyang'ana kumbuyo mpaka makilogalamu 13, ndipo Tadala watsala ndi atatu athunthu. M'chaka chachiwiri ana sanenepa msanga ngati m'chaka choyamba, ambiri amangowonjezera makilogalamu awiri kapena atatu chaka chonse. Pa 13 mwina adzafikapo atadutsa kale zaka ziwiri.

Nkhani yonse yagona pa khosi. Che Jafali, kuyenda kumationetsa kuti miyendo yalimba, koma za khosi sikutiuza kanthu. Mutu wa mwana wamng'ono ndi waukulu komanso wolemera poyerekeza ndi thupi lake. Kwa mwana wosakwana chaka, mutu wokha umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake konse, pamene wa munthu wamkulu sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi. Mafupa a m'khosi amene asenza mutu umenewo sanakhwime, mbali zina akadali chicherewecherewe, ndipo pamapita zaka zingapo kuti alumikizane n'kulimba. Mugwire pa liwombo la Tadala, mwina mupeza kuti silinatsekeke bwinobwino, paja limatseka mwana akamayandikira chaka ndi theka. Mafupa a mwana wa msinkhu umenewu akadali pa ntchito. Ofewawo akakokedwa amatanuka, koma mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwake, umene umalumikiza ubongo ndi thupi lonse, sutanuka choncho. Ukaduka palibe angaulumikize, kaya ku chipatala cha Queens kaya kunja.

Gogo Nabanda:
Ana anga, ine ndikungowerenga koma mtima sukundimvera. Ife ana tinawalera pamwendo ndi kumbuyo, tinkakwera nawo basi mpaka ku Zomba, onse anakula, ena ndi amene akuyendetsa magalimotowa lero. Mwana kumumanga yekha kumbuyo, atafulatira mayi ake, kwa ine zimandimvetsa chisoni. Apongozi anuwo musawaone ngati ovuta, akulankhula chifukwa cha chikondi.

Aphunzitsi Phiri:
Agogo, chikondicho palibe akuchikana, ndipo tikuthokoza kuti anawo Mulungu anawasunga. Ndiloleni ndifotokoze zimene zimachitika pa ngozi penipeni, chifukwa zimachitika mwachangu kuposa kuphethira.

Galimoto ikamayenda makilomita 50 pa ola, liwiro limene timadutsira pa Ulongwe kapena pa Namiasi, aliyense m'katimo akuyendanso 50. Ikagunda chinthu n'kuima pomwepo, thupi limapitirirabe. Mukawerengera, n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pamtunda wa mamita pafupifupi 10. Manja a mayi, ngakhale akhale amphamvu chotani, sangathe kumugwira mwana pamenepo. Tsono tiyerekeze kuti mwana ali pa mpando wake koma akuyang'ana kutsogolo. Malamba agwira mapewa ndi chiuno, thupi laima. Mutu palibe chougwira, ukupitirirabe, ndipo choukoka kuti ubwerere ndi kakhosi kaja anti Nasibeko afotokoza. Akamayang'ana kumbuyo zimasintha: mutu, khosi ndi msana zimakanikizidwa zonse pamodzi m'chigoba cha mpando, mphamvu ija imafalikira pamsana ponse, khosi silikokedwa.

Nzeruyi si yatsopano ayi. Anaiyambitsa pulofesa wina wa ku Sweden, Bertil Aldman. Anaona mmene anthu opita mumlengalenga amagonera chagada chombo chikamanyamuka kuti msana wonse ulandire mphamvu, ndipo mu 1964 anapanga mpando woyamba wa mwana woyang'ana kumbuyo mothandizana ndi kampani ya Volvo. Mpaka lero ku Sweden ana ambiri amakhala choyang'ana kumbuyo kufikira zaka zinayi.

Che Jafali:
Aphunzitsi ndamva, koma ine msewu wa Namwera ndi Chiponde ndimauyenda tsiku ndi tsiku. Ngozi si zakutsogolo zokha. Waima kuti ng'ombe ziwoloke, wina wakumbuyo mabuleki akana, wakugunda. Mwana amene akuyang'ana kumbuyoyo si ndiye kuti ngozi yamubwerera kumaso?

Aphunzitsi Phiri:
Funso labwino achimwene. Kusiyana kwake ndi uku. Akakugundani kumbuyo, kawirikawiri nonse mukulowera mbali imodzi, kapena inu mwaima ndipo galimoto yanu imakankhidwa n'kusuntha, mphamvu ina imathera pamenepo. Kugundana maso ndi maso, kapena kuwomba mtengo kapena lole yoima, galimoto imaima nthawi yomweyo kuchokera pa liwiro lonse. Ngozi zambiri zimene zimapha anthu ndi zakutsogolozi, kenako zam'mbali. Ganizirani pa Chowe potsika, wina akudutsitsa pakona. Mpando sungamuteteze mwana mofanana mbali zonse, ndiye timauika kuti ulimbane ndi ngozi imene ili yoopsa kwambiri.

Make Tadala:
Za khosi ndazimva ndipo zandigwira mtima. Nanga za miyendozi? Apongozi akadzabweranso ndidzawayankha chiyani? Komanso pa ngozi miyendo yopindayo siingathyoke?

Nasibeko:
Mpando subweretsa matewe. Ana ambiri akamayamba kuyenda miyendo imaoneka yopindikira kunja pang'ono, ndipo imawongoka yokha akamakula. Matewe enieni amabwera ndi matenda a mafupa, monga kuchepa kwa vitamini D ndi kashiamu m'thupi, ndipo amenewo timawaona ngakhale kwa ana amene sanakwerepo galimoto. Apongozi muwakumbutse mofatsa kuti tikamubereka mwana ndi chitenje amakhala atatang'adza miyendo m'chiuno mwathu kuyambira kumunda mpaka kuchigayo, maondo ali opinda, koma sapunduka. Ana ndi ofewa, kupinda miyendo sikuwapweteka ngati ife akuluakulu.

Za kuthyoka, kuvulala miyendo sikuchitika kawirikawiri kwa ana oyang'ana kumbuyo. Woyang'ana kutsogolo nayenso miyendo imaponyedwa n'kukamenya mpando wa kutsogolo. Ndipo zitati zachitika, mwendo timauika chikhakha, pakapita masabata angapo mwana akuthamanga. Khosi lilibe chikhakha chotero.

Choti muziyang'anira si mapazi koma mutu. Pakati pa nsonga ya mutu wake ndi pamwamba pa chigoba cha mpando pazitsala masentimita osachepera awiri ndi theka, pafupifupi zala ziwiri. Mutu ukafika pamwamba, kapena sikelo ikanena 13, mpandowo wamuchepera kuyang'ana kumbuyo. Chimene chayamba kufika ndi chomwecho.

Amake Hawa:
Moni nonse kuchokera ku Joni kuno. Ndinali kuntchito, ndangowerenga zonse. Kuno kuyambira 2015 ndi lamulo kuti mwana wosakwana zaka zitatu azikhala pa mpando wake m'galimoto, ndiye nkhani zimenezi timazikamba kwambiri ndi amayi anzathu.

Make Tadala, sitika yanuyo ya R44 ndi ya malamulo akale, amene amangoyang'ana kulemera. Mipando yatsopano imalembedwa R129 kapena i-Size, malamulo amene anayamba mu 2013. Imeneyi imayendera msinkhu, ndipo imaletsa kumuyang'anitsa mwana kutsogolo asanakwanitse miyezi 15. Tadala ali ndi 14, ndiye pa malamulo atsopanowa sakanaloledwa n'komwe. Ndipo 15 amenewo ndi malire apansi, si kuti pamenepo zakwana.

Hawa wanga akuyandikira zaka zitatu, akuyang'anabe kumbuyo. Mpando wake ndi Joie Stages, umalola kumbuyo mpaka makilogalamu 18. Miyendo amaipingasa, nthawi zina amaikweza pa chotsamira, nthawi zina amaigwetsera m'mbali, sanadandaulepo. Mukadzafika pa 13 paja, ngati thumba lidzalole, muwauze amalume akewo akufunireni wofika 18. Ilipo ina yofika mpaka 25 koma ndi yodula kwambiri.

Nasibeko:
Ndiwonjezerepo pang'ono. Bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, mu 2011 linkati ana aziyang'ana kumbuyo mpaka zaka ziwiri. Mu 2018 anachotsa zaka ziwirizo n'kunena kuti mwana akhale choncho mpaka afike pa malire a kulemera kapena msinkhu amene opanga mpando analemba. Ndiye tsiku lobadwa lisakutsogolereni.

Gogo Nabanda:
Za chitenje zija ndazimva, ndi zoona, anga onse miyendo yawo ndi yowongoka. Koma ndikulangizeni mwana wanga. Nkhaniyi musakaiyambe ndinu kwa apongozi, angaone ngati mukuwaderera. Ayambe ndi bambo a Tadala kuimvetsa, kenako iwowo akakhale pansi ndi mayi awo. Mawu omwewo akachokera kwa mwana wawo amalowa bwino.

Make Tadala:
Zikomo agogo, nditero. Mauthengawa ndawatumizira kale bambo ake.

Abiti Saidi:
Pepani ndilowererepo. Ine ndimagulitsa nsomba pa Makawa, galimoto ndilibe. Mwana wanga wa chaka chimodzi ndimapita naye kusikelo pa kabaza ali kumbuyo, ku Boma timakwera minibasi kapena Sienta ali pamwendo, anthu titathinana. Ndikamawerenga za khosizi mantha andigwira, koma mpando wa mwana ndingauike pati? Kondakitala angalole mwana atenge malo a munthu wolipira? Ambiri pagulu pano tili ngati ine. Ife mutiuza chiyani?

Nasibeko:
Abiti Saidi, mwachita bwino kulankhula, ndipo sindikunamizani kuti pali njira yofanana ndi mpando. Bungwe loona za chitetezo cha pamsewu ku America, NHTSA, limati mpando womangidwa bwino umachepetsa imfa pa ngozi ndi 71 peresenti kwa makanda, ndi 54 peresenti kwa ana a chaka chimodzi mpaka zinayi. Pamwendo chitetezo chimenecho palibe. Koma zilipo zimene mungachite zosalira ndalama.

Mukakhala ndi mwana musalole kukhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, ngakhale akuuzeni kuti ndi pamene pali malo abwino. Pamenepo mwana ali pakati pa inu ndi dashibodi. Khalani mizere yakumbuyo, chapakati. Ngati pali lamba, mangani inuyo nokha, musamudutsitse pa nonse awiri, chifukwa pa ngozi thupi lanu lonse limakamufinya mwana pa lambayo. Galimoto imene yadzadza mopyola, kapena dalaivala akununkha mowa, ilekeni ipite, ina ibwera. Pa njinga yamoto ndiye ndimachita mantha kwambiri, mutu wa mwana uli pamtunda popanda chilichonse. Ngati mtunda ndi waufupi, kuyenda pansi kapena njinga yakapalasa yoyenda pang'onopang'ono kuli bwino. Ngati palibe kuchitira mwina, muuzeni wa kabaza asananyamuke kuti muli ndi mwana, asathamange.

Che Jafali:
Apa ndiye ndikugwirizana nawo anti. Mayi wa mwana ine kutsogolo sindimuika. Ndipo mukaona dalaivala akuthamanga, lankhulani, musaope. Anthu onse m'galimoto akadzudzula timamva. Vuto anthu amakhala chete, ena amachita kutikakamiza kuti tifulumire.

Abiti Saidi:
Zikomo. Za lamba sindinkazidziwa kuti n'zoopsa choncho. Ndiwauzanso anzanga kumsika.

Bambo Mbewe:
Madzulo abwino. Za khosi akadaulo anena, ine ndikambeko za kamangidwe, chifukwa ku galaja ndimaiona mipandoyi m'magalimoto amene amabwera. Yambiri imakhala yongokhazika, ukaigwira ikugwedera uku ndi uku. Mpando wotero, uyang'ane kumbuyo kapena kutsogolo, ntchito yake ndi yochepa.

Make Tadala, pa mipando ya R44 ngati yanuyo pamakhala tizizindikiro ta mitundu iwiri posonyeza modutsa lamba wa galimoto. Ta buluu ndi ta mpando woyang'ana kumbuyo, tofiira ndi ta woyang'ana kutsogolo. Musasakanize. Lamba adutse mwa buluu monse, asapotoke paliponse, kenako kanikizani mpando ndi thupi lanu uku mukukoka lambayo mpaka atathina. Mukatha, gwirani pamene padutsa lamba mugwedeze. Usasunthe kupitirira masentimita awiri ndi theka.

Magalimoto athu ambiri ndi ochokera ku Japan. Kumeneko kuyambira 2012 magalimoto atsopano amayenera kukhala ndi ISOFIX, tizitsulo tiwiri tobisika pakati pa pokhalira ndi chotsamira cha mpando wakumbuyo. Pisani dzanja mutimva. Ena akale ali nato, ena alibe. Koma timagwira ntchito ngati mpando wa mwana uli ndi zokolera zake. Ngati ulibe, lamba ndi wokwanira bola mwamanga bwino. Chenjerani ndi malo apakati kumbuyo. M'magalimoto ambiri akale pamenepo pali lamba wa m'chiuno yekha, pamene mipando yambiri ya sitika ya olenji imafuna lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno.

Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse: mpando woyang'ana kumbuyo musadzauike kutsogolo pamene pali airbag, thumba la mpweya limene limafufuma pa ngozi. Ndikudziwa kuti mayi akamayendetsa yekha amafuna mwana akhale pambali pake. Airbag imatuluka ndi mphamvu yoopsa, ndipo imakamenya ndendende kumbuyo kwa mutu wa mwana. Pa chotchingira dzuwa cha magalimoto ambiri pali chithunzi chochenjeza zomwezi.

Make Tadala:
Bambo Mbewe, bambo a Tadala ayankha. Akuti za khosi amva, koma vuto lawo lina ndi lakuti mpandowo uli kumbuyo kwa dalaivala, ndiye amakakamizika kukokera mpando wawo kutsogolo, maondo amagunda chiwongolero. Iwo ndi aatali. Galimoto ndi Vitz.

Bambo Mbewe:
Vitz ndi yaing'ono ndithu, koma zimatheka. Usamutsireni kumanzere, kumbuyo kwa wokwera. Kumeneko n'kwabwinonso chifukwa ife timayenda kumanzere, ndiye pomutsitsa mwana mumakhala mbali ya kunja kwa msewu, osati kumene kukudutsa magalimoto ndi njinga. Komanso mwana wa chaka amene mutu amaugwira yekha safunika kugonekedwa kwambiri ngati wakhanda. Onani ngati mpandowo uli ndi malo oimikirako pang'ono amene amaloledwa poyang'ana kumbuyo, zimakhala pa zithunzi zam'mbali. Ukaimirirako umatenga malo ochepa. Loweruka m'mawa ndimakhala ndilipo, abwere nayo tione limodzi, sindilipiritsa zimenezo.

Bambo a Yusufu:
Ine funso langa ndi la pa kaunjika. Nthawi zina mipandoyi imapezeka pamsika, yooneka bwino, mtengo wake wofikirika. Watsopano ku Blantyre kapena ku Lilongwe ndalama zake n'zambiri. Akazi anga ndi oyembekezera. Tigule wa pa kaunjika kapena ayi?

Bambo Mbewe:
Achimwene, vuto la wa pa kaunjika ndi lakuti mbiri yake simuidziwa. Mpando umene unakhalapo pa ngozi yaikulu suyenera kugwiranso ntchito, pulasitiki imatha kukhala ndi ming'alu m'kati yosaoneka. Ngati pali m'bale kapena mnzanu amene mwana wake wakula, ndipo akukutsimikizirani kuti sunachitepo ngozi, umenewo ndi wabwino kuposa wa pamsika. Koma ngati kusankha kuli pakati pa wa kaunjika ndi pamwendo, ine ndingagule wa kaunjika, nditauyang'ana bwino. Vulani nsalu yake muone chigoba chonse ndi chofewa choyera cha m'kati. Malamba asakhale othetheka kapena osokedwa. Chomangira chizilira kuti "kwa" potseka ndipo chisatseguke mukachikoka. Sitika ikhalepo, yolembedwa R44/04 kapena R129. Pa pulasitiki pansi pamakhala chaka chimene unapangidwa. Opanga ambiri amaupatsa zaka 6 mpaka 10, ndipo ndi dzuwa lathu la kuno pulasitiki imafulumira kuuma.

Amake Hawa:
Ndipo dzina la mpando mukalilemba pa intaneti kabuku kake kamapezeka, muli zithunzi za kamangidwe. Musangoyerekeza.

Che Jafali:
Ine langa latsala limodzi, ndipo palibe wandiyankha. Mwana akulira kumbuyoko, nkhope simukuiona. Watsamwa, wasanza, mudziwa bwanji? Dalaivala amene akungocheuka nayenso ndi ngozi. Ine pamenepa mpomwe ndimaona kuti kutsogolo kuli bwino.

Amake Hawa:
Che Jafali, pali kagalasi kopangira zomwezo, kapulasitiki kosasweka. Mumakamangirira pa chotsamira mutu cha mpando wakumbuyo, ndiye mukayang'ana pa galasi lanu lapakati mumamuona nkhope, iyenso amakuonani. Koma kakhale komangika zolimba. Pa ulendo wautali munthu wamkulu mmodzi akhale kumbuyo ndi mwana. Make Tadala, ulendo wa ku Blantyre khalani kumbuyo inuyo, muziyimba naye, atenge chidole chofewa. Zakudya zotsamwitsa ngati mtedza ndi chimanga chokazinga musamupatse galimoto ikuyenda. Ana a msinkhu umenewu ambiri amalira chifukwa chomangidwa, osati chifukwa cha kumene ayang'ana, angoyamba kuyenda ndiye safuna kukhala malo amodzi. Zimadutsa.

Che Jafali:
Kagalasiko sindinakaonepo kuno. Mukamabwera pa Disembala mutitengereko tione.

Make Tadala:
Nanga kutentha? Mwezi uno mukudziwa mmene Mangochi akuwotchera. Tikafika kumene tikupita msana wake umakhala uli chonyowa ndi thukuta. Ndimaganiza zoyala thaulo pansi pake. Komanso akafuna bere m'njira?

Nasibeko:
Thaulo kapena bulangete pakati pa mwana ndi mpando ayi, ngakhale pansi pa malamba. Zimapangitsa malamba kuoneka othina pamene ali olefuka. N'chimodzimodzi majekete okhuthala kwa inu a ku Namwera nthawi yozizira: mumangeni kaye, chofunda chibwere pamwamba. Kuno kunyanja muvekeni kamalaya kopepuka ka thonje basi. Nyamukani m'mamawa dzuwa lisanakwere. Galimoto ikaima padzuwa phimbani mpando ndi chitenje, pobwera muchotse, ndipo chitsulo chomangira muyambe mwachigwira ndi dzanja lanu, chimawotcha khungu la mwana. Mpweya wozizira suchedwa kufika kutsogolo koma kwa mwana woyang'ana kumbuyo umafika mochedwa, ndiye lozetsani timawindo take m'mwamba kuti uzungulire. Ndipo musamusiye m'galimoto yoima ngakhale mukungolowa m'sitolo, ngakhale wagona. Thupi la mwana limatentha msanga kuposa lathu.

Malamba ake, poyang'ana kumbuyo, azitulukira pa mapewa penipeni kapena pansi pake pang'ono. Mukamanga, yesani kutsina lamba paphewa ndi zala ziwiri. Akatsinika ndiye kuti ndi wolefuka, kokaninso.

Za bere, ndikudziwa kuti n'zovuta mwana akulira iwe bere lili pomwepo. Koma imitsani galimoto pamalo abwino, ayamwe, abwerere pa mpando, ndiye muzipita. Kumutulutsa galimoto ikuyenda, kapena inu kumasula lamba n'kumuweramira, nonse awiri mwakhala opanda chitetezo. Pa Liwonde imani ndithu, atsike ayendeyende, amwe madzi. Pa Zomba mukhozanso kupumirapo.

Make Tadala:
Zikomo kwambiri nonse. Tiusiya choyang'ana kumbuyo, ndipo Loweruka bambo ake abwera nayo galimoto kwa bambo Mbewe.

Nachisale:
Pepani ndabwera mochedwa, netiweki kuno ku Monkey Bay inavuta. Wanga ndi wamkulupo, zaka zinayi, makilogalamu 17, akuyang'ana kutsogolo pa mpando wa malamba ake ofika 18 kg. Akadutsa pamenepo ndiye azingomanga lamba wa galimoto ngati ife?

Nasibeko:
Ayi asisi, pakati pali sitepe ina. Panopa apitirize ndi malamba a mpandowo mpaka 18, ndipo poti akuyang'ana kutsogolo azitulukira pa mapewa kapena pamwamba pake pang'ono. Ngati mpando uli ndi lamba wina kumsana kwake wokakola kumbuyo kwa mpando wa galimoto, muzimukola nthawi zonse, amachepetsa kuponyedwa kwa mutu. Akadutsa 18 afunika mpando womukweza, umene amati booster, makamaka wokhala ndi chotsamira ndi zotchinga m'mbali mwa mutu. Lamba wa galimoto anapangira munthu wamkulu. Pa mwana wamfupi amadutsa pakhosi ndi pamimba, ndipo pa ngozi amavulaza matumbo. Womukwezayo amathandiza kuti lamba adutse pakati pa phewa ndi pa mafupa a m'chiuno. Amaugwiritsa ntchito mpaka msinkhu ufike masentimita 135 kapena 150, malinga ndi mpando, ndipo ana ambiri amafika pamenepo ali ndi zaka 10 mpaka 12. Muyezeni msinkhu mawa mutiuze, komanso muone ngati makutu ake sanapitirire pamwamba pa mpando umene ali nawowo.